Kamunthu ka Amuna Anga ka M'foni

Amuna anga anali munthu wa ntchito zambiri. Kunyanja ankapita, koma sanali msodzi wa tsiku ndi tsiku. Ankalima chimanga ndi nandolo kumtunda, ankamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, ankasoka maukonde ong'ambika, ndipo injini ya boti ikakana kulira anthu ankabwera kudzawatenga, ngakhale kuti nthawi zina inkakanabe iwo ataigwira. Kwathu kuno, kufupi ndi Lungwena, anzawo ankawaseka kuti palibe chimene sachidziwa, komanso palibe chimene anachidziwa mpaka kumapeto. Iwo ankaseka nawo limodzi. Ankati munthu wa ntchito imodzi amagona ndi njala tsiku limene mwera wavuta panyanja.

Mwa ana amene tinabereka anakula ndi mmodzi yekha, wamkazi. Anakwatiwa, ndipo iye ndi mwamuna wake anapita ku Joni kukafuna ntchito, monga amachitira achinyamata ambiri a kuno. Bambo ake atayamba kutupa miyendo n'kusiya zoyendayenda, mwanayo anawatumizira foni yaikulu ya galasi kudzera mwa anthu onyamula katundu. Akamwini anga, mwamuna wake uja, anali ataikamo kale gemu kuti mdalayo asamasungulumwe. Ine ndinati zimenezo ndi za ana. Mwezi usanathe, amuna anga anali atasuntha kasola kathu kupita mbali ya denga imene dzuwa limafika msanga, kuti foni izidzaza moto nthawi yabwino.

Ndifotokoze mmene gemuyo ilili, monga ndinkaionera ndili chapambali. Munthu aliyense amakhala ndi kamunthu kake m'fonimo. Kamayenda m'dziko la mapiri, mitsinje ndi zilombo, ndipo kamakumana ndi tianthu ta anzake ngakhale eni ake ali kutali. Mawu amamvekanso, ngati mukuimbirana. Lamlungu masana, ana aja akapuma kuntchito, atatuwo ankakumana m'menemo. Amuna anga ankakhala pakhonde akatha kuswali, pemphero lathu la masana, mwendo atausanjika pampando, ine ndili pamphasa kusenda nandolo kapena kusankha mpunga, ndikumva mawu a mwana wanga ngati ali kuseri kwa nyumba. Kamunthu kawo anakaveka chisoti choyera, chofanana ndi chimene ankapita nacho kumzikiti.

Kamunthu kakapambana nkhondo kamalandira timikanda towala. Timikandato umakatiika pa chithunzi cha mtengo wa nthambi zitatu: ya lupanga, ya uta, ndi ya mankhwala ochiritsira anzako akavulala. M'munsi mwake muli kanthambi kena kakang'ono ka mbedza, kongowedzera nsomba m'mitsinje ya m'gemumo. Nthambi imene waiika mikanda yambiri ndiyo ntchito imene kamunthu kako kamaidziwa bwino, ndipo mkanda ukauika subwereranso.

Mwana wanga anaika yake yonse pa uta, moti ankalasa ali patali osaphonya. Akamwini anaunjika yawo pa lupanga, ndipo ntchito yawo inali kuima kutsogolo, chilombo chizimenya iwo. Amene ankasowa anali wochiritsa. Koma amuna anga ankagawa mikanda ngati akugawira ana usipa: uwu ku lupanga, uwu ku uta, uwu ku mankhwala, uwu ku mbedza, pasakhale wodandaula.

"Ababa, sankhani chimodzi," ankatero mwanayo Lamlungu lililonse.

"Ndinasankha kale, mwanawe. Ndinasankha zonse."

Tsiku lina mwanayo anawakumbutsa za chilimira, ukonde uja wophera usipa. Anati pa chilimira aliyense ali ndi ntchito yake, ndipo siginala, amene amakopa usipa ndi nyali, sakoka nawo ukonde. Bambo ake anayankha kuti chaka china siginala wa boti la achimwene awo atadwala, amene anagwira nyali anali iwowo. Mwanayo anafunsa kuti usipa umene anapha tsikulo unali wochuluka bwanji. Iwo anati unali wokwana ndiwo. Ndinaseka mpaka nandolo anamwazika pamphasa.

Komabe njira yawoyo inali ndi ubwino wake. Mkati mwa sabata, ana ali kuntchito, kamunthu kawo kankayenda kokha dziko lonse lija. Kakakumana ndi chilombo chaching'ono kankachilasa pang'ono, kuchitema pang'ono, kakavulala n'kudzichiritsa kokha, kenako n'kukakhala m'mbali mwa mtsinje kumawedza. Ndinkawanena kuti munthu wakalamba akununkha nsomba, mpaka m'foni momwe akufunamo mbedza. Ankati za m'menemo ndi zabwino, sizifuna kupala mamba. Vuto linali pa mlatho wina waukulu, pamene pankakhala chilombo chonga njati koma cha manja a nkhanu. Kuti gulu lipite kutsidya linayenera kuchigwetsa. Anayesa Malamlungu ambiri, ndipo nthawi zonse mankhwala a amuna anga ankachepa, akamwini n'kugwa, ena onse n'kutsatira. Ankatha ndi kuseka, n'kupangana za sabata yamawa.

Amuna anga anatisiya m'mawa wa tsiku lina lapakati pa sabata, ndipo monga mwa chikhalidwe chathu cha Chisilamu tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke kwambiri. Mwana wanga sakanatha kufika. Anamva pafoni ali kuntchito, ndipo pamene ankapeza mawu oti alankhule, anthu anali atabwerako kale kumanda.

Kuyambira pamenepo kuimba kwake kunasintha. Ankapereka moni, n'kufunsa ngati ndadya, kenako zii. Ndikayamba kumufotokozera za bambo ake ankati netiweki ikuvuta, pamene ine ndinkamumva bwinobwino akupuma. Ndinadziwa kuti akudziimba mlandu chifukwa chosabwera. Amuna anga ndinali nditawapereka kwa Mulungu ndi mtima umodzi, koma ichi chinkandisowetsa tulo: mwana ali moyo, koma mawu ake akunka nachoka m'nyumba mwanga.

Ndinalowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osayendayenda. Alamu anga, achemwali awo aakulu a malemu, anabwera kuchokera ku Katuli kudzakhala nane. Ndi mayi wa pakamwa, woti ngakhale nkhuku ikadutsa amaipezera chonena, ndipo anandithandiza kwambiri masiku amenewo. Itachitika sadaka ya masiku makumi anayi, abale anagawana zinthu za malemu. Zida zomatira njinga anatenga wina, singano zosokera maukonde wina, ndipo mkanjo wawo woyera wa Lachisanu unapita kwa mphwawo, bambo wamfupi kwambiri, moti telala anachita kuudula m'munsi ndi m'manja. Foni anandisiyira ine, poti inachokera kwa mwana wanga.

Lamlungu lina masana ndinaitenga kuti ndione zithunzi zawo. Kusukulu sindinapite patali, ndipo Chingerezi sindichiwerenga, choncho ndimayendera zithunzi. Ndinadina polakwika, gemu ija n'kutseguka. Ndinangoona kamunthu ka chisoti choyera kataima m'mbali mwa mtsinje, mbedza ili m'manja, pomwe anakasiya. Ndisanaganize chochita, mawu a mwana wanga anatuluka m'fonimo.

"Ndani wagwira foni ya ababa?"

Kumbali kwake dzina la bambo ake linali litayaka, monga linkachitira akalowa. Ndinati ndine, ndalakwitsa, andiuze podina kuti nditseke. Ndinkadikira kuti anene za netiweki.

"Musatseke, amama. Tayendani pang'ono ndione."

Anandiuza poika chala chachikulu. Kamunthu kanazungulira malo amodzi ngati nkhuku ya chitopa, kenako kanalunjika mumtsinje, thibu. Alamu, amene ankasuzumira paphewa panga, anati mchimwene wawo moyo wake wonse sanagwepo m'madzi, lero wagwetsedwa ndi mkazi wake. Mwanayo sanaseke, koma sanadulenso foni. Anabweretsa kamunthu kake ka uta, kanaima pafupi, ndipo anandiphunzitsa kuyenda mpaka moto unatha m'foni. Chimwalirireni bambo ake, tinali tisanalankhulepo nthawi yaitali choncho.

Ndinafunsa alamu ngati n'koyenera munthu wa pa eda kumagwira zoterezi. Anati sindikuvina, sindikudzola, sindinatuluke pakhomo, ndikucheza ndi mwana wanga wobereka ndekha, ndipo amene ali ndi mawu abwere adzawauze iwowo. Palibe anabwera.

Basi Malamlungu anabwerera m'nyumba mwanga. Za bambo ake mwanayo sankazitchulabe, koma pakati pa kundiuza kuti dinani apa, thawani uko, ankaponyamo tina: kuti kukuzizira, kuti abwana ake asintha, kuti walakalaka utaka wowamba. Ine ndinkangotola timawu timeneto ngati khunkha.

Koma kusewera ndinkalephera. Kamunthu ka amuna anga kanali ndi mabatani ambirimbiri, a lupanga, a uta, a mankhwala, ndipo kankafuna munthu wodziwa nthawi yosinthira. Zala zanga zinauma ndi khasu ndi kupala nsomba. Pofuna kuchiritsa ndinkaponya muvi m'mwamba, pofuna kuthawa ndinkatulutsa mbedza pamaso pa chilombo. Pa mlatho paja tinkagwa msanga kuposa kale. Akamwini ndi munthu wofatsa, sanadandaule, koma anzawo onse anali atawoloka kalekale. Tsiku lina mwana wanga ananena motsitsa mawu kuti mwina apeze munthu wina wochiritsa kuti awoloke, ine asamandivutitse ndi zimenezi, tizingoimbirana foni basi. Kuimbirana kwakeko ndinkakudziwa: moni, mwadya, zii.

Pamenepo akamwini anatchula za kabotolo. Sanandiuze ine mwachindunji, anauza mkazi wawo ine ndikumva, monga amachitira mkamwini waulemu. Anati m'thumba la kamunthu kalikonse muli kabotolo kamodzi kokha, ndipo kamunthu kakamwa, mikanda yonse imachoka pamtengo n'kubwerera m'manja kuti uiikenso mwatsopano. Malemu ankakadziwa koma anakana kukagwiritsa ntchito. Anati mikanda yonse itapita ku mankhwala, apongozi angatsale ndi mabatani ochepa, ndipo mankhwala ake angakhale amphamvu.

"Ayi," anatero mwana wanga. "Asakhudze. Mmene kalilimu ndi mmene anakasiyira ababa."

Sabata imeneyo ndinayenda nayo nkhaniyi kulikonse, kuchitsime cha kuseri, kukhitchini, pamkeka woswalira. Kukasiya momwemo, mlatho sitiwoloka, ndipo Malamlungu atha. Kukasintha, ndiye kuti ndafufuta ndi dzanja langa chinthu chimene mwanayo ankaonerapo bambo ake. Komanso ineyo ndinkakakonda momwemo. Ndikatsegula mtengo uja n'kuona mikanda itamwazikana nthambi zonse, ndinkaona munda wawo, mmene chimanga, nandolo, maungu ndi therere zinkamera mopanikizana.

Lachisanu, nthawi yopita kumzikiti ku Juma, mphwawo wa malemu uja anadutsa pamsewu atavala mkanjo uja, akupalasa njinga monyadira. Anatipatsa salamu ali pomwepo. Alamu anamuyang'ana mpaka anakhota, n'kunena kuti taonani, mchimwene wanga wafupika. Tinaseka mpaka misozi, yachisoni ndi yachimwemwe pamodzi. Atapukuta m'maso anati zili bwino choncho, chifukwa mkanjo wosungidwa m'sutikesi umadyedwa ndi njenjete, pamene uwu ukupitabe kumzikiti sabata iliyonse. Iwo ankanena za mkanjo basi, kenako anapita kukaona mbuzi. Ine ndinatsala pakhonde ndi foni m'manja.

Lamlungu ndinalankhula tisanayambe. Ndinamuuza mwanayo za mkanjo, mmene telala anaudulira, ndi mmene unadutsira pamsewu. Ndinati zovala za bambo ake sitinawakwirire nazo, tinapatsa amoyo, ndipo aliyense anachepetsa kuti zimukwane.

"Kamunthu aka ndi chovala chimene anandisiyira ine," ndinatero. "Chikundikulira, mwanangu. Ndilole ndichichepetse, kuti ndiziyenda nawe."

Mwanayo anafunsa mwamuna wake, osati ine, ngati chisoti chikhalepo. Akamwini anati chisoti, nkhope ndi dzina sizisintha.

"Kamwetseni, amama," anatero.

Ndinadina kabotolo. Mikanda yonse inathothoka pamtengo ngati mango a mphepo n'kuunjikana pakona. Ndinayamba kuiika pa nthambi ya mankhwala umodziumodzi, ndi chala changa chouma, alamu akundilangiza ngati anabadwira m'menemo. Nthambiyo inawala mpaka kunsonga. Mkanda womaliza ndinauika pa kanthambi ka mbedza. Akamwini anatsokomola, n'kuuza mkazi wawo kuti mwina apongozi aphonya, mkanda umenewo ukanathandiza kwina. Ndinati sindinaphonye. Mwana wanga anawauza kuti ausiye pomwepo.

Mabatani anatsala ochepadi, ndipo lalikulu linali lobiriwira, lokhala ndi chithunzi cha tsamba. Ndikalidina, kuwala kunkatuluka mwa kamunthu kanga n'kufalikira mozungulira ngati madzi otayika pansi, ndipo aliyense wokhudzidwa ankachira. Tinapita pa mlatho tili ndi chikhulupiriro chonse. Chilombo chinatuluka, akamwini anathamangira kutsogolo, ine ndinadina tsamba mosalekeza. Akamwini anagwa. Tinayambiranso, anagwanso. Mwana wanga yekha ndiye anali wathanzi, osakandika n'komwe, mpaka chilombo chinamufikira pomaliza.

Ndinati ndafufuta ntchito ya amuna anga pachabe. Mwanayo anati tiyesenso, koma ulendo uno sanalase, anangoima n'kumayang'ana zimene ndikuchita. Nkhondo ili mkati anandifunsa chifukwa chimene ndaimira kuseri kwa mwala, kutali choncho, pamene kuwala kwa mankhwala sikufika kumene kuli mwamuna wake.

"Ndiye ndikaime pafupi ndi akamwini?" ndinafunsa. "Mpaka kukhudzana mapewa?"

Sindinkaseka ayi. Chikwatirireni mwana wanga, ine ndi akamwini sitinakhalepo pamphasa imodzi. Akabwera kunyumba ndinkawapatsa moni ndili chapatali, nditagwada, nkhope nditayang'ana kumbali, ndipo tikakumana panjira wina ankapatuka. Ndi mmene tinaleredwera. Ndiye m'gemumo, kamunthu kawo kakasendera kumanja, kanga ndinkakapititsa kumanzere, osaganizanso n'komwe. Masabata onse aja ndinkawapatukira.

Kenako zinadziwika kuti nawonso anali ndi mbali yawo. Wa kutsogolo akavulala amayenera kukuwa kuti wochiritsa adziwe. Koma iwo akanakuwira bwanji apongozi awo? Ankayamba ndi kutsokomola, kenako: "Pepanitu apongozi, ngati sikukuvutani, mwina mukapeza mpata..." Pofika pa mpata anali atagona kale chagada pa mlatho.

Mwana wanga anaphulika. Kunali kuseka kwake kwenikweni, kuja kwa ali mtsikana, kokoka mpweya ngati akutsamwa, kumene ndinali ndisanakumve chiyambire maliro. Ankayesa kulankhula n'kulephera. Ankangobwereza kuti ngati sikukuvutani, ngati sikukuvutani, munthu akudyedwa ndi chilombo. Akamwini ankadziteteza kuti ulemu sutha chifukwa cha njati ya m'foni. Ine ndinaika foni pamiyendo n'kumangomvetsera. Mlatho ndinauiwala.

Mlanduwo anaweruza ndi alamu. Analanda foni, n'kuiyandikitsa kumaso, n'kufunsa kuti kodi amene wavala chisotiyu ndi mkazi kapena mwamuna. Anati amene waima pamenepo ndi mchimwene wawo, dzina ndi lake, ndevu ndi zake, ndipo bambo ndi mkamwini wake amadyera mbale imodzi popanda wodabwa. Ine ndingokhala woyendetsa. Kwa akamwini anati asiye zopepesa, akavulala angoitana mmene ankaitanira kale.

Tinabwerera pa mlatho. Ndinayendetsa kamunthu ka chisoti choyera mpaka kanaima kumbuyo kwenikweni kwa akamwini, ndipo kunena zoona nkhope yanga inatentha ndi manyazi ngakhale anali ku Joni. Chilombo chinawapana ndi dzanja lake lija.

"Ababa!" anakuwa akamwini.

Ndinadina tsamba. Kuwala kunawakuta, anadzuka n'kutema. Mivi ya mwana wanga inkagwa ngati mvula. Anaitananso, ndinadinanso. Dzina limenelo linamveka pakhonde pathu kambirimbiri masana amenewo, mokweza, mopanda kulira, ndipo pena anali mwana wanga amene ankaliitana. Chilombo chinagwada, chinagwa chammbali, n'kusungunuka ngati mchere m'madzi. Alamu anayamba nthungululu, n'kukumbukira kuti eda yanga inali isanathe, n'kudzitseka pakamwa ndi mpango, koma theka linali litatuluka kale. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabadwa mwana. Alamu anamuuza kuti ayi, tangowoloka mlatho.

Eda inatha, alamu anabwerera ku Katuli, ndipo ine ndinayambiranso kupita kumunda ndi kukayanika usipa pa thandala. Apa m'pamene ndinaona kuipa kwa chimene ndinasankha. Tsiku lina lapakati pa sabata ndinalowa ndekha kuti ndiyendeyende monga ankachitira malemu. Ndinakumana ndi kanguluwe kakang'ono, koti iwo akanakathamangitsa ndi muvi umodzi. Ine ndinalibe chomenyera. Kankandiluma, ine n'kudzichiritsa, kundilumanso, ine n'kudzichiritsanso, mpaka ndinakwera pamwala n'kukhala pamenepo ngati munthu wothawa galu. Ndinawakumbukira amuna anga ndi mawu awo a mwera. Sananame. Wa ntchito imodzi payekha sayenda.

Ndinamuuza mwanayo ngati nkhani yoseketsa. Anaseka, koma mawa lake masana foni inalira, iye ali pa nthawi yopuma kuntchito, chakudya chili m'kamwa. Anati ndilowe andiperekeze, sangalole amayi ake kugona pamwala chifukwa cha nguluwe. Kuyambira pamenepo sakudikiranso Lamlungu. Akapeza kampata amandiitana, iye patsogolo ndi uta, ine pambuyo ndi tsamba langa. Bambo ake sankafuna woperekeza, n'chifukwa chake ankamuona kamodzi pa sabata. Ine wosatha kupha ngakhale khoswe ndimamumva pafupifupi tsiku lililonse. Za gemu zenizeni sindinazidziwebe. Mayina a malo ndimatchula anga: pa mwala wa nguluwe, pa mlatho wa apongozi, kumsika kwa anthu obiriwira. Anawo anazolowera, nawonso amatchula momwemo.

Kutsidya kwa mlatho kuja kuli mtsinje wina waukulu umene amuna anga sanaufike. Tsiku lina tinadutsa pamenepo awiriwiri, ndipo ndinati tiime ndiyese mkanda wanga umodzi uja. Ndinaponya mbedza. Mwanayo anakhazika kamunthu kake pambali panga. Ndi mkanda umodzi sugwira zanzeru: ndinakoka kansomba konga chala, kenako nsapato yakale, kenako udzu. Tinakhala choncho, ine ndili pansi pa mango, kumene kukadali madontho a guluu wa machubu pamizu.

"Amama," anatero, "ababa anavutika?"

Ndinamuuza zonse, pang'onopang'ono. Kuti usiku wake anagona bwino. Kuti m'mawa anamwa phala la mpunga, n'kudandaula kuti shuga wachepa. Kuti anandituma ndikauze mwini njinga ina kuti chubu chake chauma, abwere adzatenge. Kuti anafunsa ngati foni ili pa sola, chifukwa Lamlungu anali ndi nzeru yatsopano yogwetsera chilombo chija, imene sanandiuze. Kuti pobwera kuchokera kuseri ndinawapeza atatsamira khoma ngati akuwodzera, ndipo sanamutchule mwana wawo modandaula ngakhale kamodzi. Analira, inenso ndinalira, koma za netiweki sanazitchule. Anafunsa mafunso ena ambiri, ang'onoang'ono: anavala malaya ati, anawasambitsa ndani, kunabwera anthu ochokera kuti. Ndinayankha lililonse.

Titatha anafunsa kuti nzeru yatsopano ija ingakhale yotani. Ndinati mmene ndinkawadziwira ine, inali yoti awonjezere mkanda wina pa mbedza. Anaseka m'mphuno muli motseka. Nthawi yomweyo chingwe chinagwedezeka, ndipo anandiuza kuti ndikoke msanga, mwina ulendo uno ndi chambo. Ndinakoka. Inali nsapato inzake ya ija.